Mawu a Mayi Ashby Sadulidwa Pakati

1978: Ntcheu

Ana anga, ntchito ya unamwino ndinaiyambira pa chipatala china cha mishoni kwathu ku Ntcheu, ndili ndi mayunifolomu awiri ndi wotchi yopachika pachifuwa imene bambo anga anandigulira atagulitsa mbuzi. Kusukulu anatiphunzitsa kufunsa wodwala mafunso aafupi kuti tilandire mayankho aafupi. Tsiku loyamba lomwelo ndinaona kuti amene analemba zimenezo sanakumanepo ndi anthu a kwathu. Ukafunsa mkulu kuti, "Pakupweteka ndi pati?" iye amayambira mvula ya chaka chatha, n'kudutsa pa maliro a mlamu wake, n'kupumira pa mtengo wa feteleza, ndipo pomaliza m'pamene amafika pa bondo. Ukamudula amangotseka pakamwa, bondo lija n'kubwerera nalo kunyumba.

Ine zimenezi sizinandivute, chifukwa ndinakulira m'nyumba ya katswiri wake. Agogo anu aamuna, amene anali telala pakhonde la sitolo, ukawafunsa kuti mbuzi yalowera kuti, ankayambira tsiku limene anagula mayi ake a mbuziyo. Ife ana tinkangoyankha "ee" ndi "inde" mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kwathu kudula mawu munthu wamkulu kunali ngati kumulanda mbale akudya. Ndili mwana ndinkaona ngati ndi chilango chabe. Sindinkadziwa kuti pa katundu yense amene ndidzanyamule popita ku Ulaya, ameneyu ndiye adzandigwirire ntchito kuposa masatifiketi.

2015: Oadby

Za kubwera kwathu kuno, ndi zaka zimene ndinathera m'mawodi a chipatala chachikulu mu Leicester, ndalemba kale. Mu 2015, mawondo atayamba kudandaula, ndinalowa ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Oadby, monga namwino woyang'anira zipinda za pansi. Kuchokera kwathu ku Beaumont Leys ndinkakwera mabasi awiri, kenako n'kumalizitsa wapansi. Oyenda wapansi ku Oadby tinali owerengeka, chifukwa kumeneko ngakhale galu amayenda pa galimoto.

Manejala wathu anali a Dawn. Sanali munthu woipa, ndipo musawerenge izi n'kuyamba kuwada. Vuto lawo linali la aliyense woyendetsa nyumba ngati imeneyo: antchito osakwana. Masiku ambiri m'mawa tinkakhala atatu pa okalamba makumi awiri, ndiye a Dawn anagawa nthawi ngati shuga wa m'nyumba ya ana ambiri. Munthu aliyense mphindi khumi: kumudzutsa, kumusambitsa, kumuveka, mankhwala, n'kuchonga pafomu. Mnzanga wapamtima pa shifiti anali Esnart, mayi wa ku Chipata, wa manja ofulumira ndi pakamwa pofulumira kuposa manjawo.

Nyumbayo inali yosanja. Pamwamba panali zipinda za amene mutu wasokonekera kwambiri. Chitseko chake chinkatseguka ndi manambala, mawindo ankatseguka pongokwana chikhatho, ndipo mashelefu ndi zinthu zolemera sizinkaloledwa poopa kuti wina angadzipweteke. Anzathu a kumeneko ankagwira ntchito ndi mtima wonse, koma munthu amene wakwezedwa pamwamba sindinamuonepo atatsitsidwanso.

2016: Chipinda nambala 9

Mayi Ashby anabwera chakumayambiriro kwa chaka, ali ndi sutikesi imodzi ya zovala ndi makatoni khumi ndi limodzi a mabuku. Mwana wawo Martin, amene ankagwira ntchito ku Nottingham, anathera Loweruka lonse akukhoma mashelefu m'chipinda nambala 9, chimene windo lake linkayang'ana kudimba. Mayiwo anakhala zaka zambiri ku Loughborough ndipo anapuma pa ntchito yophunzitsa pa yunivesite. Lamulo la panyumbapo linali lakuti okalamba tiziwaitana ndi dzina loyamba, koma pakamwa panga panakana kunena kuti "Eleanor" kwa munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi mphambu. Ndinkati Mayi Ashby, iwo n'kumanditcha Sisita, ndipo tinagwirizana kuyambira pomwepo.

Moyo wawo wonse anauthera pa mlembi mmodzi, mzimayi wachingerezi amene analemba mabuku a nkhani pafupifupi zaka zana zapitazo. Dzina lake sindikuuzani. Mabuku ake ali pa shelefu ya pabalaza, pamene mumaika matchaja a mafoni anu, kaoneni nokha. Maso a Mayi Ashby anali atayamba kufooka, ndiye anandipempha kuti ndiziwawerengera pa nthawi yanga yopuma masana. Ndinavomera ndikuganiza kuti muli za chikondi kapena za akuba. Titatha masiku atatu ndinalephera kupirira.

"Mayi, pepani, koma bukuli liyamba liti? Tawerenga masamba makumi awiri, munthu sanamalizebe kuvala nsapato."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Linayamba kalekale, Sisita. Tandiuzani, m'mawa uja mukutsuka chilonda changa cha pamwendo, manja anali pano. Nanga mutu unali kuti?"

Ndinaganiza kaye, kenako ndinawauza zoona. Fungo la mankhwala linanditengera ku wodi ya amayi ku Ntcheu. Kumeneko ndinakumbukira khanda lina limene linatisiya lili m'manja mwanga, kuchokera apo ndinaganiza za ukwati wa mwana wanga, kenako za nkhuku imene ndinaiwala kutulutsa mufiriji, ndipo ndinabwerera pa mwendo wawo ndikumanga bandeji.

"Ndiye pafomu yanu munalemba chiyani?"

"Kuti chilonda chatsukidwa."

"Eya. Olemba mabuku ambiri amalemba za pafomu. Wanga uyu ankalemba ulendo umene munayendawo."

Kuyambira tsiku limenelo ndinawerenga ndi khutu lina. Chiganizo cha mlembi ameneyu chimatha kudzaza tsamba lonse. Chimanyamuka ndi munthu akutola supuni, n'kukalowa mu ubwana wake, n'kukakumana ndi akufa, iwe n'kumati basi wasochera, koma ukadekha chimabwerera pa supuni pomwepo. Ndinawauza Mayi Ashby kuti mlembi wawoyu akanakumana ndi bambo anga, akanachezerana sabata yathunthu. Ndinawaphunzitsanso mwambi wathu wakuti khotekhote ngwa njira, kwalinga mtima n'komweko. Anaukonda kwambiri mpaka anandiuza kuti ndiulembe mkati mwa chikuto cha buku lina.

M'mabukumo ndinapezamo anthu amene ndinkawadziwa. Muli azimayi ophika ndi kulandira alendo moyo wonse popanda wowafunsa zimene akuganiza. Muli mabanja okhala nyumba imodzi zaka makumi anayi osadziwana zamumtima. Muli anyamata obwera kunkhondo thupi lili bwino koma mutu utasweka. Mulinso nthawi ziwiri zosagwirizana, ya pa wotchi ndi ya m'mutu, ndipo ine amene ndinkayenda ndi wotchi pachifuwa ndinamva ngati akundinena. Mayi Ashby anandiuza kuti mlembiyo nayenso ankadwala m'mutu nthawi zina, ndipo madokotala ankamugoneka n'kumuletsa kulemba, n'chifukwa chake ankalemba mowawa za anthu amene amagamula za munthu asanamumve. Tsiku limenelo anandigwira pamkono.

"Sisita, mutu wangawu wayamba kuyenda maulendo aatali, ndipo ndikudziwa kumene zikupita. Pamwamba paja ndapaona. Musadzalole kuti andikweze asanandimve."

Ndinalonjeza. Kulonjeza n'kosavuta masana dzuwa likuwala, tiyi ali m'manja.

2017: Mafomu

Chaka chotsatira matenda anakula. Anayamba kuiwala tsiku ndi chaka, ndipo nthawi zina ankalankhula za amuna awo, amene anamwalira kale, ngati angotuluka kukagula nyuzipepala. Ukawafunsa ngati akufuna tiyi kapena khofi, ankayambira kutali. Anzanga a pa shifiti, pothamangitsana ndi mphindi khumi zija, ankawadula mokoma mtima: "Eleanor, lero ndi Lachiwiri, muli ku Oadby. Tiyi kapena khofi?" Pamenepo mayiwo ankaima kakasi, maso mwazumwazu, ngati munthu amene watsitsidwa m'basi pamalo osawadziwa. Kenako mkwiyo. Tsiku lina anaponya kapu kukhoma, tsiku lina anakankha dzanja la Esnart. Pafomu panayamba kuchuluka mawu awiri: wosokonezeka, waukali.

Chodabwitsa n'chakuti kwa ine sanaponyepo kanthu. Sikuti ndinali wanzeru kuposa anzanga. Kungoti pakamwa panga sipakanatha kudula munthu wamkulu, ndiye ndinkangoima ndi thireyi n'kumati "ee, inde", monga ndinkachitira kwa bambo anga. Ndipo ndinaona kuti amabwerera. Ankatha kudutsa pa khitchini ya mayi awo, pa njinga ya amuna awo, pa wophunzira wina amene analira m'kalasi, kenako n'kunena kuti, "Ndiye pa chifukwa chimenecho, Sisita, khofi ayi. Tiyi." Ndinayamba kuyang'ana pa wotchi yanga yakale ija. Nthawi zina zinkatenga mphindi zisanu ndi imodzi, nthawi zina khumi ndi ziwiri, koma ankafika. Ndinagula kope n'kumalemba funso, njira imene adutsa, ndi yankho.

Esnart anandipeza ndikulemba m'kachipinda ka mankhwala.

"Ba Sister, manje imwe mufuna bakuchoseni nchito? Tick chabe box, muyende ku next room."

"Iwe Esnart, sindingasaine kuti munthu ndi confused pamene wandiyankha. Undikavele room 12, ine ndikukavela Sunday."

"Imwe na bagogo banu ba mabuku," anatero akupukusa mutu, koma chipinda 12 anapitako.

A Dawn anaona kuti mankhwala a m'mawa akuchedwa. Anandiitana kawiri n'kundilangiza pakamwa, ndipo kachitatu anandipatsa kalata ya chenjezo. Anandiuza mosabisa kuti kalata yachiwiri ikadzabwera, udindo woyang'anira zipinda za pansi udzandichoka. Nditawaonetsa kope langa analitsegula, n'kuwerenga masamba awiri, n'kunditi, "Ruth, izi n'zokoma, koma ndili ndi anthu makumi awiri." Sanali kunama. Ndinatuluka ndili ndi manyazi aakulu, chifukwa zaka pafupifupi makumi anayi ndinali ndisanalandirepo kalata yotere, ndipo ndinali nditatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Bambo anu anandiuza kuti ndingozisiya, ndimalize bwinobwino. Ndinavomera pakamwa pokha.

2018: Msonkhano

Mwezi wa Marichi anaitanitsa msonkhano woti agamule ngati Mayi Ashby akwezedwe pamwamba n'kuyamba mankhwala owafatsitsa. Unachitikira m'chipinda chawo momwemo, Lachinayi m'mawa. Panali dokotala wa matenda a okalamba, bambo waulemu koma wooneka kuti akumudikira kwina, a Dawn, Martin ndi ine. Tisanalowe a Dawn anandikokera pambali.

"Ruth, mwabwera kudzapereka lipoti la mankhwala basi. Zina zonse musiyire adokotala."

Martin anali atatopa. Mwezi wonse ankalandira mafoni a makapu osweka, ndipo cholembera chinali kale m'manja mwake. Dokotala anawerenga mafomu aja, n'kukhala pafupi ndi mayiwo.

"Eleanor, kodi mukudziwa kumene muli, ndi chimene tabwerera?"

Mayi Ashby anayang'ana pawindo n'kuyamba kunena za mtengo wa maapozi wa m'dimba, kuti anaudulira molakwika. Kuchokera apo anapita ku mtengo wina umene unali kuseri kwa nyumba yawo ku Loughborough, umene amuna awo ankatsamiritsapo njinga. Dokotala anayang'ana a Dawn, n'kulemba kanthu, n'kutsegula pakamwa.

"Eleanor, ndafunsa kuti..."

Ndinaona maso a mayiwo akuyamba kumwazika, dzanja likufufuza kapu patebulo. Ndinadziwa kuti kapu ikangouluka pamaso pa dokotala, nkhani yatha. Ndinadziwanso za kalata yachiwiri. Ndisakunamizeni, ndinachita mantha. Koma dzanja langa linakwera lokha, chikhatho chitaloza dokotala, monga mayi anga ankachitira tikafuna kulowerera bambo akulankhula.

"Adokotala, sanamalize."

"Ruth," anatero a Dawn chapansipansi.

"Pepani. Sanamalize. Apatseni mphindi khumi. Akapanda kukuyankhani, ndisaina ndekha pafomupo." Ndinatembenukira kwa mayiwo. "Ee, Mayi, njinga ija."

Anapuma, dzanja n'kuchoka pa kapu, n'kupitiriza. Njinga inawatengera ku tsiku limene Martin anagwa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, n'kuthyoka mkono. Anafotokoza za wodi ya ana imene makolo sankaloledwa kugonamo, ndi mmene anamusiyira mwanayo akulira kuseri kwa chitseko chagalasi, iwo n'kuyenda mpaka pokwerera basi osacheuka, chifukwa akanacheuka sakanatha kupita. Martin anaika cholembera pansi. Patapita mphindi zisanu ndi ziwiri dokotala anasunthanso pampando, ine n'kukwezanso dzanja, ulendo uno osanena kanthu. A Dawn anali atafiira mpaka m'khosi. Mayiwo anadutsa pa mayi awo, pa sitima ya ku Leicester, pa kalasi yawo yoyamba, ndipo ineyo ndinayamba kupemphera chamumtima, chifukwa mphindi khumi zinali zitakwana. Kenako anachotsa maso pawindo n'kuyang'ana dokotala.

"Ndiye n'chifukwa chake sindikumuimba mlandu mwana wangayu. Kusiya munthu kuseri kwa chitseko ndikukudziwa, kumapweteka wosiyayo. Ndili ku Oadby, chipinda nambala 9, ndipo mwabwera kudzaona ngati mungandikweze pamwamba, kumene mabuku angawa saloledwa. Tsiku la lero sindikulidziwa, chaka musandifunse. Koma funso lanu linali limenelo, si choncho?"

Ndinayang'ana pa wotchi: mphindi khumi ndi zitatu. Martin anali ataphimba nkhope ndi manja. Dokotala anandifunsa ngati zimenezi zimachitika kawirikawiri, ndipo ndinatulutsa kope langa m'thumba la yunifolomu, mmene ndinali nditalibisa kuyambira m'mawa. Analiwerenga ataimirira, nthawi yaitali ndithu kwa munthu wofulumira. Pomaliza ananena kuti matenda alipo ndipo adzakula, koma saona chifukwa chowasamutsira. Pa pepala la kasamalidwe kawo analemba ndi dzanja lake kuti wodwalayu akafunsidwa funso, adikiridwe mpaka amalize.

Kalata yachiwiri inabwerabe, chifukwa ndinachita zimene anandiletsa, pamaso pa mlendo ndi pa mwana wa wodwala. Udindo unandichoka, ndipo chaka changa chomaliza ndinagwira ngati namwino wamba, pansi pa munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha ntchito. Zinandiwawa, sindikana. Koma a Dawn omwewo ndi amene anasintha ndandanda kuti chipinda nambala 9 chizikhala chomaliza m'mawa, munthu asamathamange, ndipo makapu anasiya kusweka. Esnart, amene sanadikirepo munthu chibadwire, ndinamupeza tsiku lina ataima ndi thireyi akuti "yes, yes", maso ali kudenga ngati akumva ulaliki wautali. Kalata yachiwiri ija ndinaisunga. Ili mkati mwa buku limene ndinalembamo mwambi, ndipo pa mapepala onse a ntchito yanga, masatifiketi ndi makalata oyamikira, imeneyi ndiyo ndimainyadira kwambiri. Mukadzagawana zinthu zanga musadzaitaye.

2019: Kupuma

Mayi Ashby anakhalabe m'chipinda chawo, pakati pa mabuku awo, miyezi ina khumi ndi inayi. Chakumapeto sankathanso kutsatira zimene ndikuwerenga, koma ankati ndiziwerengabe. Mabukuwo Martin anadzandipatsa ine, n'chifukwa chake ali pabalaza. Ndiye inu mukandifunsa kumene ndaika makiyi, ine n'kuyambira ku Ntcheu, musamati, "Mum, point yake ndi chani?" Dokotala wamkulu anadikira, inu ndinu ndani?

Anatisiya mwezi wa Meyi, kutatsala milungu itatu kuti ndipume. Unali m'mawa, maapozi a m'dimba ali maluwa okhaokha. Martin anali panjira kuchokera ku Nottingham. Ndinawanyowetsa milomo n'kuwafunsa ngati akumva kupweteka penapake. Anayamba chapansipansi kunena za chipewa chobiriwira chimene mayi awo ankavala popita kumsika, ndi mphepo imene inachiulutsa tsiku lina pa mlatho. Anati iwo anachithamangira. Atafika pamenepo anapuma, ine n'kuti, "Ee, Mayi." Ndinakhala nditagwira dzanja lawo, maso ali pankhope yawo, osati pa wotchi.

Patapita nthawi Esnart anasuzumira pakhomo ndi fomu m'manja, akufuna kunena kanthu. Ndinakweza dzanja.

"Sanamalize."

Esnart anawayang'ana, n'kundiyang'ana ine, kenako analowa n'kukhala pampando winawo mwakachetechete. Ndine namwino wa zaka makumi anayi, ndinkadziwa kuti apita. Koma tinawadikirabe.